Chitsulo ndi Masamba: Mbiri ya Njira Yochotsera Poizoni m'Madzi, ndi Nkhani ya ku Rufunsa

Tiziduswa ta chitsulo topangidwa ndi zomera ndi fumbi lakuda bii limene limatuluka munthu akasakaniza mchere wa chitsulo ndi madzi owiritsira masamba, makungwa kapena madeya. M'mabuku a sayansi dzina lake ndi iron nanoparticles. Kachiduswa kamodzi kawirikawiri sikapitirira nanomita 100, ndipo pamafunika nanomita 1,000,000 kuti ikwane milimita imodzi. Tsitsi la munthu kunenepa kwake ndi nanomita pafupifupi 80,000. Fumbili amalithira m'madzi kapena m'dothi loipitsidwa ndi mankhwala kuti liphwanye poizoniyo, kapena limugwire asayende. Njirayi inatchuka m'magazini a sayansi kuyambira 2009, koma chitsulo ndi mitengo zakhala zikukumana m'manja mwa anthu a pakati pa Africa kwa zaka zoposa 1,500.

Kuda kwakeko si kwachilendo m'midzi ya ku Zambia. Mjigo umene mapaipi ake achita dzimbiri umatulutsa madzi ofiirira m'mamawa, amene amayera ukapopedwa kwa kanthawi koma fungo la chitsulo osachoka. Madzi amenewo akaphikira tiyi, tiyiyo amada m'malo mofiira, ndipo akathiramo mkaka amangotuwa. Mpeni wosendera nthochi zaziwisi nawo umada. Choyambitsa n'chimodzi: m'masamba a tiyi ndi mu utomoni wa nthochi muli tanini, chija chimamanga lilime munthu akaluma chipatso chosapsa, ndipo tanini akakumana ndi chitsulo chosungunuka amachigwira n'kupanga tinthu takuda. Tanini ali m'gulu lalikulu la mankhwala a m'zomera otchedwa ma polyphenol, ndipo gulu limeneli ndilo mwini nkhani yonseyi.

Nkhaniyi tiionera ku Rufunsa. Bomali lili kum'mawa kwa chigawo cha Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great East, ndipo likulu lake lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzinda wa Lusaka. Linapatulidwa ku Chongwe nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, ndipo kalembera wa 2022 anapezako anthu opitirira 80,000. Ndi dziko la Asoli pansi pa mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta, dziko la mapiri ndi nkhalango za miombo lotsetserekera ku mitsinje ya Lunsemfwa, Luangwa ndi Zambezi. Chitsulo chinafika kuderali kalekale. Pa Kapwirimbwe, chakum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, David Phillipson anafukula m'zaka za m'ma 1960 mudzi wa alimi a m'zaka za m'ma 400, ndipo anapezamo zotsalira zambiri za ntchito yosungunula chitsulo.

Ng'anjo ankaiumba ndi dothi la pachulu, kutali ndi mudzi, ndipo ntchito yake inali ya amuna okha, ya mankhwala ndi zoletsa zambiri. Mkati ankayala makala, pamwamba pake miyala ya chitsulo yophwanya, kenako makala ena, mpaka kudzaza. Mpweya unkalowera m'mapaipi a dothi, kwina wokha, kwina mouzira ndi mivukuto ya chikopa cha mbuzi. Moto ukafika pa madigiri pafupifupi 1,200, mpweya wotuluka m'makala unkalanda okosijeni amene ali mumwalamo, n'kusiya chibuma cha chitsulo cha mabowomabowo, chimene osula ankachimenya pachipala mpaka kutulutsa makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Antonio Gamitto, amene anayenda kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, analemba za osula a Amaravi, ndipo makasu a Amaravi ankagulitsidwa mpaka m'midzi ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi. Ng'anjo zinazima m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda, pamene makasu a m'sitolo ndi zitsulo zotayidwa zinachuluka. Osula sanathe, masiku ano amasula nkhwangwa kuchokera ku masipuling'i a magalimoto. Chofunika pa mbiri ino n'chakuti ntchito imene makala ankagwira mu ng'anjo, yobweza chitsulo kuchoka ku dzimbiri, ndi yomweyo imene akatswiri a lero amayembekezera kuti madzi a masamba agwire popanda moto.

Panalinso kukumana kwina kwa mtengo ndi chitsulo, kozizira. Ku Ulaya ndi ku Middle East, kwa zaka mazana ambiri, inki ankaipanga ndi timphundu tomera pa mitengo ya oak, todzala ndi tanini, tosakaniza ndi mchere wa chitsulo. Ku Mali nsalu ya bogolan amayamba ainyika m'madzi a masamba, kenako n'kuilemba ndi matope a mumtsinje osungidwa nthawi yaitali mumtsuko, ndipo pamene padutsa matope pamatsala pakuda. Pakati pa Africa chiwondo, nsalu ya makungwa, ankachidetsa pochinyika m'matope a kudambo. Makungwa amabweretsa tanini, matope amabweretsa chitsulo.

Mbali ya sayansi inayamba ndi Henry Fenton wa ku Cambridge, amene mu 1894 anafotokoza kuti chitsulo pang'ono chikasakanizidwa ndi hydrogen peroxide chimapanga msanganizo waukali wotha kuphwanya mankhwala ena. Mu 1934 Fritz Haber ndi Joseph Weiss anafotokoza chifukwa chake: msanganizowo umabala tinthu tosakhalitsa totchedwa hydroxyl radicals, timene timang'amba pafupifupi mankhwala alionse a kaboni amene takumana nawo. Kuyeretsa madzi oipa a m'mafakitale ndi njira ya Fenton kunayamba patapita zaka zambiri.

Chitsulo chenicheni, chosasungunula, chinalowa m'nkhaniyi mwangozi. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada ankafuna kudziwa mapaipi oyenera kuika m'zitsime zoyezera madzi. Ananyika zidutswa za mapaipi osiyanasiyana m'madzi okhala ndi mankhwala a klorini, ndipo m'mabotolo momwe munali zitsulo mankhwalawo ankazimiririka. Robert Gillham ndi Stephanie O'Hannesin anaitsatira nkhaniyi. Mu 1991, pa bwalo la asilikali la Borden m'chigawo cha Ontario, anakumba ngalande yopingasa njira ya madzi oipa apansi pa nthaka, n'kuidzaza ndi mchenga wosakaniza ndi zinyenyeswa za chitsulo. Kwa zaka zisanu madzi odutsa pakhoma la pansi pa nthaka limeneli ankatuluka atataya pafupifupi 90 peresenti ya mankhwala a klorini otchedwa TCE. Mu 1996 khoma lina lotere, la mamita 46 m'litali, linakwiriridwa ku Elizabeth City, North Carolina, kuti ligwire chromium ndi TCE. Makoma amenewa safuna magetsi kapena pampu. Madzi amadzibweretsa okha.

Chinsinsi chake ndi dzimbiri. Chitsulo chikamachita dzimbiri chimataya ma elekitironi. Mankhwala monga TCE, yotsukira mafuta pa zitsulo za makina, ndi PCE, yochapira masuti, kulimba kwake kuli m'maatomu a klorini. Ma elekitironi akafika, klorini amathothoka n'kusanduka chloride wamba, wopezekanso mumchere wa m'ndiwo, ndipo chotsala ndi mipweya yopanda vuto lalikulu monga ethene ndi ethane. Dzimbiri lenilenilo nalonso limagwira ntchito: pamene likupangika limakokera ndi kutsekera mkati mwake arsenic, mtovu ndi zina.

Popeza zonsezi zimachitikira pakhungu la chitsulo, kuchepetsa tiziduswa ndiko kuwonjezera liwiro, monga mchere wosinja umalowerera msanga m'ndiwo kuposa wa miyala. Mu 1997 Chuan-Bao Wang ndi Wei-xian Zhang a pa yunivesite ya Lehigh ku Pennsylvania anapanga tiziduswa ta nano pothira sodium borohydride mumchere wa chitsulo. Galamu imodzi inali ndi khungu lokwana masikweyamita 33.5, pamene ufa wa chitsulo wogula unali ndi losakwana sikweyamita imodzi. Fumbi lotere silifuna ngalande. Amalisungunula m'madzi n'kulipopera m'chitsime. Pa malo ena a fakitale ku Trenton, New Jersey, anathira makilogalamu 1.7 m'masiku awiri, ndipo lipoti la mu 2001 linati TCE inatsika mpaka ndi 96 peresenti pafupi ndi chitsimecho. Dziko la Czech Republic linadzakhala limodzi mwa maiko ogwiritsa ntchito kwambiri njirayi ku Ulaya.

Mavuto sanachedwe kuonekera. Borohydride ndi wodula, ndi wapoizoni, ndipo akamagwira ntchito amatulutsa mpweya wa haidirojeni wosachedwa kuyaka. Fumbi louma likakhudzana ndi mpweya limatha kudziyatsa lokha. Tiziduswato timakokana ngati timaginito n'kuumbana, choncho timatsakamira mumchenga pafupi pomwe tathiridwa. Panalinso mantha: mu 2004 mabungwe a Royal Society ndi Royal Academy of Engineering ku Britain analangiza kuti tiziduswa ta nano tisamatayidwe m'chilengedwe poyeretsa malo kufikira zotsatira zake zitafufuzidwa.

Masamba anabwera ngati yankho la mavuto amenewa. Mu 2009 George Hoag wa kampani ya VeruTEK, pamodzi ndi Rajender Varma ndi Mallikarjuna Nadagouda a bungwe la boma la America loona zachilengedwe ndi anzawo ena, anafalitsa zoti tiyi wobiriwira atha kulowa m'malo mwa borohydride. Kapangidwe kake n'kosavuta mochititsa manyazi. Masamba amawaumitsa, kuwasinja, kuwatenthetsa m'madzi a madigiri pafupifupi 80, n'kusefa. Madzi ofiirirawo amawathira mu ferric chloride kapena ferrous sulphate wosungunula, ndipo nthawi yomweyo botolo lonse limada. Maganizo anali akuti ma polyphenol amagwira ntchito ziwiri: amapereka ma elekitironi kuti chitsulo chosungunuka chibwerere ku chitsulo chenicheni, kenako amakuta kachiduswa kalikonse kuti kasachite dzimbiri msanga ndiponso kasamatirire kwa kanzake. Pothandizana ndi hydrogen peroxide, fumbi lawo linasulutsa utoto wa bromothymol blue.

Zaka zotsatira zinali za mpikisano wa masamba. Mu 2011 Eric Njagi ndi anzake a pa yunivesite ya Connecticut anagwiritsa ntchito madeya a mapira, n'kupeza tiziduswa ta nanomita pafupifupi 50. Mu 2013 ofufuza a ku Porto, Portugal, anayesa masamba a mitengo ya mitundu 26, ndipo oak, makangaza ndi tiyi wobiriwira ndiwo anapambana. Anaonanso kuti masamba ouma amaposa aawisi. Bulugamu anayesedwa ku Australia ndi ku China. Mu 2018 Lebogang Katata-Seru ndi anzake a North-West University ku South Africa anagwiritsa ntchito chammwamba pochotsa nitrate m'madzi. Malipoti otere lero ndi ochuluka kwabasi, ndipo ambiri amafanana: tsamba latsopano, utoto womwewo, botolo laling'ono la madzi oyera a mu labotale. Ochepa okha ndiwo anatuluka panja kukakumana ndi madzi enieni a matope.

Mkangano waukulu uli pa funso lakuti chakudacho n'chiyani kwenikweni. Kale mu 2011 Talal Shahwan wa yunivesite ya Birzeit ndi anzake anapeza kuti fumbi la tiyi, mbali yaikulu, ndi ma oxide a chitsulo, kunena kwina dzimbiri losalala. Mu 2013 Zhiqiang Wang, atayesa bulugamu, anati ndi chitsulo chogwiridwa ndi ma polyphenol. Mu 2014 ofufuza a yunivesite ya Palacký ku Olomouc anapima fumbi la tiyi ndi makina a Mössbauer, n'kupeza zomwezo, komanso anaona kuti linkavulaza ndere ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi. Ngati zili choncho, zambiri zimene zinalengezedwa ngati chitsulo chatsopano ndi abale a inki yakale ija. Izi sizitanthauza kuti fumbilo n'lachabe. Limagwira utoto ndi zitsulo zapoizoni, limachepetsa ukali wa chromium, ndipo limayendetsa bwino njira ya Fenton. Koma mphamvu yothothola klorini, imene inatchukitsa chitsulo cha ku Waterloo ndi ku Lehigh, siingangoganiziridwa kuti ilipo chifukwa botolo lada.

Ku Rufunsa mankhwala odetsa nkhawa kwambiri si a m'mafakitale. Ndi a golide. Mgodi wa Jessie ndi migodi ya ku Chakwenga inakumbidwa nthawi ya atsamunda, ndipo m'zaka zaposachedwa kukwera mtengo kwa golide kwadzaza mapiri ndi makwawa ndi okumba a mafosholo ndi mabeseni. Mu 2020 kampani ya ZCCM-IH, imene boma lili ndi gawo lalikulu, inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono, ndipo Rufunsa anali m'gulu la maboma oyamba. Okumba otere, kulikonse padziko, amadalira kwambiri mekyule. Mwala amausinja, amauchapa m'beseni mpaka kutsale mchenga wakuda wolemera, n'kudonthezamo mekyule. Mekyule amameza timibulu ta golide. Amamufinyira m'kansalu, kutsala kampira kotuwa, ndipo kampirako amakaotcha pamakala kapena ndi moto wa gasi mpaka mekyule atauluka. Bungwe la United Nations loona zachilengedwe, UNEP, linawerengera mu 2018 kuti ntchito imeneyi imatulutsa pafupifupi 38 peresenti ya mekyule yense amene anthu amatayira mumlengalenga. Zambia inavomereza pangano la Minamata, lokhudza mekyule, mu 2016, ndipo panganolo linayamba kugwira ntchito mu 2017; dzina lake ndi la mzinda wa ku Japan kumene matenda a mekyule wa m'nsomba anadziwika mu 1956.

Apa m'pamene malire a njirayi amaonekera bwino. Mekyule, mtovu ndi arsenic saphwanyika, chifukwa si zinthu zolumikiza, palibe chothothola. Chitsulo chimatha kungowagwira kapena kuwasintha mkhalidwe. Pa mekyule pamafunika kusamala kwambiri, popeza chitsulo chikhoza kubweza mekyule wosungunuka kukhala wamadzimadzi uja wotha kuuluka, n'chifukwa chake ofufuza amakonda chitsulo chosakaniza ndi sulufule, chimene chimamumanga kukhala mwala wosasungunuka. Ndipo mekyule wouluka pamakala, amene wootchayo ndi ana ake amapuma, palibe mankhwala a m'madzi amene angamubweze. Chomutchinga ndi retort, kachipangizo ka mapaipi kootchera motseka, kamene wowotcherera zitsulo aliyense atha kupanga. Wotsalira m'matope a mtsinje, mabakiteriya amamusandutsa methylmercury, amene amaunjikana m'nsomba.

Zilipo zimene chitsulo chimaphwanyadi. Mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba monga chlorpyrifos, ndi opha udzu m'chimanga monga atrazine, aphwanyidwa ndi tiziduswa ta chitsulo m'malabotale ambiri. DDT ndi lindane, amene ali pa mndandanda wa mankhwala oopsa wa pangano la Stockholm, nawonso amataya klorini. Nitrate wochokera ku feteleza ndi zimbudzi amasanduka ammonium, amene ayenera kuchotsedwanso. Sayanaidi, wonyikira miyala ya golide m'maiwe, amagwidwa ndi ferrous sulphate wamba, ngakhale kugwidwako sikumutheratu. Komabe mankhwala a m'munda amamwazikana m'dera lonse, pamene chitsulo chimathandiza pamalo amodzi odziwika: pansi pa nkhokwe yakale ya mankhwala, pa dibi la ng'ombe, pa dziwe la mgodi.

Kukula kwa vuto nako kumasankha mankhwala. Damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach ku Chambishi litaphulika pa 18 February 2025, madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, ndipo chimene chinathiridwa mumtsinje, china kuchokera m'ndege, chinali laimu wa matani ambirimbiri. Ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, ntchito yaikulu yakhala yochotsa kapena kukwirira dothi la m'makomo. Fumbi lopangidwa m'magalamu silinafike pa muyezo umenewo.

Palinso funso la kochokera masamba. Mitengo ya miombo ili ndi tanini wambiri m'makungwa, koma mtengo wosendedwa kuzungulira umauma, ndipo nkhalango za Rufunsa zili kale pa mpanipani wa makala opita ku Lusaka, amene matumba ake amandandalika m'mbali mwa msewu wa Great East. Zoyenera ndi zotsalira: madeya a mapira, masamba a bulugamu ndi a mango, zinyenyeswa za m'mafakitale a tiyi a ku Kawambwa, Thyolo ndi Mulanje. Vuto lake n'lakuti tsamba si mankhwala a m'botolo. Kuchuluka kwa ma polyphenol kumasintha ndi nyengo, dothi ndi msinkhu wa mtengo, motero fumbi la mwezi uno silifanana ndi la mwezi wamawa. Mchere wa chitsulo ndi hydrogen peroxide nazo n'zogula.

N'chifukwa chake akatswiri ena amati midzi isathamangire nano. Ku Bangladesh sefa ya SONO ya Abul Hussam, ya ndowa ziwiri za mchenga, makala ndi zinyenyeswa za chitsulo, imachotsa arsenic m'madzi a m'zitsime, ndipo inapata mphotho ya Grainger mu 2007. Ku Nepal sefa ya Kanchan imagwiritsa ntchito misomali yochita dzimbiri pamwamba pa mchenga. Chicgoua Noubactep, wa ku Cameroon wogwira ntchito ku Göttingen, wakhala akulimbikira kwa zaka zambiri kuti dzimbiri ndilo limagwira ntchito yaikulu, ndi kuti sitiliwulu wotsukira mapoto wosakaniza ndi mchenga ndi wokwanira kupangira sefa ya pakhomo. Zomera nazo zili ndi mbiri yakeyake: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ofufuza a yunivesite ya Leicester anayesa ufa wa njere za chammwamba pa malo oyeretsera madzi a ku Thyolo, ndipo unadikhitsa matope mofanana ndi alamu wogula kunja.

Kaya chitsulocho n'cha nano kaya n'cha misomali, chikagwira poizoni chimasanduka chinyalala choopsa. Matope okhala ndi mekyule kapena mtovu akatayidwa kudzala, mvula ya asidi pang'ono kapena kusowa kwa mpweya m'dothi lonyowa kukhoza kumasula zimene zinagwidwa. Ku Zambia nkhani zotere zili m'manja mwa ZEMA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2011, pamene madzi a m'mitsinje ndi apansi pa nthaka amayang'aniridwa ndi WARMA. Kusunga, kunyamula kapena kutaya zinyalala zoopsa kumafuna chiphaso cha ZEMA.